Pisitoni Imene Evaristo Sanaipale

Mwamuna wanga tinamuika m'manda Lolemba, ndipo maluwa a pamtumbira asanafote n'komwe, apolisi anabwera kudzatenga bambo anga.

Sajeni Belarmino anaima pakhomo chipewa chili m'manja. Ndi munthu wonenepa, waulesi, koma si woipa mtima.

"Mayi Zulmira, musandiyang'ane choncho," anatero. "Tauni yonse ikunena chimodzi. Madalawa anaiwala kuthira mafuta a nsatsi mu petulo. Injini youma imagwira, tayala lam'mbuyo n'kuima, munthu n'kuuluka. Lachisanu ndiwakweza basi akayankhe kwa woweruza ku Belo Horizonte."

"Tauni yonse ndi ndani? Tauni ili ndi pakamwa? Tchulani dzina."

"Ngakhale mlongo wanu Altamiro sanatsutse."

Evaristo, mwamuna wangayo, anali ndi misala imodzi yokha: kupanga injini ya njinga yamoto ndi manja ake, m'galaja ya kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Pontal Velho. Anthu ankamuseka, amvekere injini zimabwera pa sitima kuchokera kutsidya kwa nyanja, sizibadwira kuseri kwa khola la nkhuku. Chimene chinamusautsa kwambiri ndi pisitoni, kachitsulo konga kapu kamene kamakwera ndi kutsika m'kati mwa silinda. Kakatentha kamafufuma, kakafufuma kamagwira, injini n'kuima ngati yatsamwa. Kangati kodi anabwera akukankha njinga, mawondo ali magazi okhaokha?

Kenaka anapeza njira yake. Pisitoni ikagwira ankaitulutsa, n'kuyang'ana pamene yakhuka, n'kupalapo pang'ono ndi tupa, n'kuibwezera. Igwirenso, apalenso. Ankachitira patebulo langa lodyera, ndipo fumbi la aluminiyamu tinalidyera m'nyemba mpaka ndinatopa kulalata. Mapeto ake inasiyadi kugwira. Inali imodzi yokha, ndipo maonekedwe ake sanalembedwe paliponse, anali m'chitsulomo basi. Evaristo anaikhulupirira moti anasiya kuyenda zala zili pa kilatchi yomasulira tayala ku injini, monga ankachitira kale podikira kuti igwira.

Bambo anga, a Quirino, ndi oyenga mafuta a nsatsi, ndipo ntchito yosakaniza mafutawo ndi petulo inali yawo. Altamiro ndi mlongo wanga wamng'ono. Ndine ndinamupemphera malo m'galajamo pamene aliyense anali atatopa naye.

Lamulungu linali tsiku la Kristofa Woyera, pamene ansembe amawaza madzi odalitsa pa malole, mathirakitala ndi ngolo. Evaristo anadzuka n'kuganiza kuti njinga yake nayonso ikadalitsidwe. Ine ndinatsala ndikuphika. Anthu anadzamupeza pa mtsetse wa kumlatho, khosi litathyoka.

Tsono ndinali nditataya mwamuna, ndipo ankafuna kunditengeranso bambo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinavala shawelo yakuda n'kutuluka.

* * *

Bambo ndinawapeza atakhala pa benchi m'kachipinda ka kupolisi, manja awo onjenjemerawo ali pamawondo.

"Bambo, mafuta munathira kapena simunathire?"

"Pita kunyumba, Zulmira. Mkazi wamasiye sayendayenda sabata yoyamba."

"Ndakufunsani funso."

"Ndakalamba, mwana wanga. Wokalamba amaiwala."

Awa ndi bambo amene amakumbukira dzina la bulu aliyense amene anamukwerapo chibadwire. Sanandiyang'ane m'maso. Ndinaganiza kuti ndi manyazi a kumangidwa, ndipo ndinawamvera chisoni mpaka misozi inalengeza.

"Musadandaule," ndinatero. "Basi imeneyo simukwera."

Ankangopukuta zala pa thalauza.

* * *

A Honorato ndi amene ankasema zitsulo za Evaristo pa makina. Ndi agonthi khutu limodzi, ndipo pakamwa pawo sipasankha mfumu kapena kapolo. Ndinawakokera kupolisi ndi bokosi lawo la masipanala, poti njinga inali itatsamira khoma kuseri kwa ofesi.

"Kodi n'zololedwa zimenezi?" anafunsa Sajeni.

"Dokotala anang'amba mwini wake, ine ndilekerenji kung'amba njinga?" anatero a Honorato. "Sendezani mimbayo, mukutchinga dzuwa."

Anamasula mabawuti, n'kuzula silinda pang'onopang'ono akuimenya ndi chibonga chamtengo. Anapisa chala m'kati n'kuchiika pamphuno pa Sajeni.

"Nunkhizani. Mphuno si yongonyamulira magalasi."

"Nsatsi," anatero Sajeni atakwinya nkhope.

"Yanyowa mpaka kudontha. Quirino anathira, ndipo anathira mosaumira." Anachotsa pisitoni n'kuitembenuza padzuwa. "Mverani tsono, ndinena kamodzi. Ikagwira chifukwa chosowa mafuta imakalika thupi lonse, mizere kuyambira kumutu mpaka kumchira. Ikagwira chifukwa cha moto wochuluka imapsa mbali yotulukira utsi. Iyi onani: mabala anayi, awiri uku, awiri uku, ngati wina waitsina ndi zala. Kumeneku ndi kuthina. Inalibe malo ofufumira."

"Zosatheka," ndinatero. "Evaristo anaipala mpaka inasiya kuthina."

"Gwira wekha, mwana wa Quirino."

Ndinailandira. Pisitoni ya mwamuna wanga ndinkaidziwa kuposa mbale zanga, poti ndinkaisuntha patebulo tsiku ndi tsiku. Inali ndi timizere ta tupa m'mbali monsemu, ndipo ukaigudubuza inkayenda motsimphina. Iyi inali see, yozungulira bwinobwino, yopanda ngakhale kamzere kamodzi.

"Iyi si yake," ndinatero. Mawu anga ndinawamva ngati a munthu wina.

"Ndi imodzi mwa zatsopano zija ndinasema n'kuziika pashelefu," anatero a Honorato. "Inali isanalowepo mu injini."

Sajeni anadzuka pa chitini chimene anakhalira. Ulesi unamuthera.

"Mwasema ndinu, madala. Ndiye munaikamo ndinu?"

"Mwati bwanji?"

"Ndati munaikamo ndinu?"

"Ndamva, ndimafuna ndione ngati mungabwereze zopusazo. Lachisanu Evaristo anayenda pa njingayi mpaka kumalire a tauni n'kubwerako akuimba mluzu. Ine madzulo a Lachisanu lomwelo ndinanyamuka kupita ku Curvelo ku ukwati wa mdzukulu wanga, ndipo ndinagwera m'mbale ya nkhumba pamaso pa ansembe. Kafunseni, sanaiwale. Ndabwera Lolemba kudzapeza maliro."

Choncho wina anasintha Loweruka. Loweruka ine ndi Evaristo tinali kwa apongozi anga tsiku lonse, galaja ili yokhoma.

A Honorato anali akukanda pansi pa silinda ndi mpeni. Anatukula kachikatoni kozungulira, kaboo pakati, kotsekera kuti mpweya usamathawe.

"Ichi n'chiyani tsono? Evaristo ankadula zimenezi ku mapepala a matumba a simenti. Aka n'kachikasu, konyezimira. Amene anatsegula anang'amba kakale, n'kudula kake ku chimene anali nacho pafupi."

Ndinatembenukira kwa Sajeni. "Mwaona nokha. Tsegulani chitseko, bambo anga azipita."

"Ndaona kuti mafuta analimo, mayi. Koma wina anapha munthu ndi kachitsulo aka, ndipo makiyi a galaja bambo anu ali nawo. A Honorato ali nawo, koma anali ku Curvelo. Mlongo wanu ali nawo, koma akuti anali kufamu kwa azakhali anu kuyambira Lachisanu, anabwera atamva uthenga wa maliro. Otsala ndi madala omwewa. Ndibweretsereni dzina lina, ine n'kutsegula."

Ndinapempha kachikatoniko. Anandipatsa atakakulunga m'mpango wake.

* * *

Mayi Filomena amagulitsa khofi ndi timikate ta tchizi pa masitepe a tchalitchi. Palibe ntchentche imene imadutsa pabwalopo iwo osaidziwa mayi ake.

"Zulmira mwana wanga, khala pansi, wauma ngati chinangwa cha chaka chatha. Idya aka, usalipire. Ayi, idya. Mwamuna wako uja anali wosangalala tsiku limenelo, kumangoseka, tayi ali pambali. Ansembe anamuwaza madzi mpaka m'makutu, amvekere njinga yopangidwa kuno ifunika madalitso owirikiza. Ndiye malole onse analiza mabelu, koma injini ya njinga yakeyo kukana kulira. Apondereze, zii. Apondereze, zii. Ana a sukulu kuyamba kuseka."

"Inkalira akangoponda kamodzi," ndinatero.

"Tsiku limenelo inali yolimba. Ndinamumva akuti, lero yadzuka ndi mwano. Kuchokera kunyumba anangotsetsereka nayo, koma pano m'pathyathyathya. Mwayi wake mlamu wake anali pomwepo."

Ndinaika kamkate pansi.

"Mlamu wake uti?"

"Ali ndi angati? Altamiro. Anaima apo, pansi pa mtengowo, ndi njonda ija ya ku São Paulo imene yakhala ikugona kuhotela, ija imati ikufuna kutsegula fakitale ya njinga. Evaristo anamukodola, amvekere, mlamu, tandikankha. Mnyamatayo anayamba wazengereza, ine n'kumati akuopa kudetsa nsapato zake zatsopano zija, zoyera ndi zofiirira. Kenaka anagwira kumbuyo n'kukankha, kuthamanga nayo mpaka pa ngodya ya sitolo ya mankhwala. Inalira. Evaristo anakweza dzanja kutsanzika, n'kulunjika kumtsetse." Anandiyang'ana. "Kodi sanakuuze? Iye ndiye womaliza kumugwira ali moyo."

"Anandiuza kuti anali kufamu."

Mayi Filomena anatseka pakamwa. Chiyambire kuwadziwa, kameneko kanali koyamba.

* * *

Altamiro amakhala m'kachipinda ka pamwamba pa bekale. Ndinakwera masitepe. Ndinkapemphera kuti Mayi Filomena akhale atasokoneza ndi munthu wina, ngakhale ndinkadziwa kuti sasokoneza.

Anatsegula atavala malaya amkati. Pabedi panali sutikesi yotsegula, pambali pake tikiti ya basi ya ku São Paulo.

"Achemwali. Bwenzi mutatuma munthu, ndikanabwera."

"Ukupita kuti?"

"Ayi, ndikungolongosola zovala."

"Azakhali ali bwanji kufamu?"

"Ali bwino. Mwendo uja ndi umene ukuwavuta."

"Nsapato zako zatsopano zija unavala kumaliro n'zokongola. Bokosi lake lili kuti? Ndikufuna posungira zithunzi za Evaristo."

"Ndinataya."

Altamiro ndinamubereka kumsana mayi athu atamwalira. Akamanama khutu lake lamanzere limafiira. Ndinagwada n'kupisa dzanja pansi pa bedi. Bokosi linali pomwepo, lachikasu, lonyezimira. Pa chivundikiro chake panali chiboo chozungulira chodulidwa ndi mpeni. Ndinamasula mpango wa Sajeni n'kuikapo kachikatoni kaja. Kanalowa ndendende.

Anakhala pabedi ngati wathyoka msana.

"Pisitoniyo ndinangoibwereka, achemwali. Bwana wa kuhotela uja ankafuna kungoiyeza ndi zida zake, basi. Anati akaona maonekedwe ake andipatsa ntchito ku São Paulo, ndikakhale woyang'anira anthu. Ndikanaibwezera Lolemba m'mamawa. Ndinaikamo inayo kuti alamu akaponda asaone kuti mulibe kanthu. Lamulungu sagwira ntchito, ndikanadziwa bwanji kuti atengera njingayo kutchalitchi?"

"Sunadziwe. Chabwino. Nanga utamuona nayo pabwalo?"

"Panali anthu."

"Panali anthu."

"Bwana uja anali pambali panga. Ndikanati chiyani? Alamu tsikani, ndakuberani? Pamaso pa tauni yonse? Ndinaganiza kuti angozungulira pabwalo pang'onopang'ono n'kubwerera kunyumba."

"Evaristo anayendapo pang'onopang'ono liti? Iwe sunali kumutola m'ngalande nthawi zonse zija pisitoni zinkagwira? Sunkadziwa chimene yatsopano imachita ikatentha?"

Anayamba kulira. Kulira kwake sikunandikhudze, ndipo zimenezi zinandiopsa.

"Njingayo inakana, Altamiro. Chitsulo chinakana kumupha. Iwe n'kuika manja ako kumbuyo kwake n'kukankha. Unadya patebulo lake. Malaya ako a ukwati wa mnzako uja anali ake. Lolemba unanyamula bokosi la maliro ake paphewa, ine n'kumakuthokoza."

"Sindinafune kuti afe."

"Ndipo bambo? Akugona pa simenti chifukwa cha iwe, iwe ukupinda malaya."

"Sangawamange nthawi yaitali, ndi okalamba. Woweruza akangowaona awamvera chisoni." Anapukuta mphuno ndi dzanja. "Ine ndikalowa m'menemo sindidzatulukanso, achemwali. Ndine magazi anu."

"Pisitoni yake ili kuti?"

"Bwana uja ananyamuka nayo Lamulungu masana, atangomva za ngozi. Sanandisiyire ngakhale adiresi."

Ndinaseka. Sindikudziwa chifukwa chake, koma ndinaseka mpaka m'mimba munapweteka. Kenaka ndinanyamula chivundikiro chija n'kutsika. Sananditsate.

* * *

Sajeni anaika kachikatoni pa chiboo, n'kukachotsa, n'kukaikanso. Anamvetsera za Mayi Filomena osandidula mawu.

"Mukudziwa chimene mukuchita, mayi? Ameneyu ndi mlongo wanu."

"Ndikudziwa. Tulutsani bambo anga."

Anatumiza msilikali kukawatenga. Analowa akukoka mapazi. Ndinawathamangira n'kuwagwira mkono, ndikumva ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Koma maso awo sanali pa ine. Anali pa chivundikiro chachikasu chili patebulo.

"A Quirino," anatero Sajeni, "mwana wanu wamkaziyu wakuombolani. Si mafuta anu. Pisitoni inasinthidwa Loweruka, ndipo amene anasintha ndi..."

"Ndine," anatero bambo.

Tonse tinawatembenukira.

"Ndinasintha ndine. Bokosilo ndinalitola pa dzala la kuseri kwa bekale, n'kudulako, n'kukalibwezera m'chipinda cha mwana wanga iye kulibe. Mlendo wa ku São Paulo uja analankhula ndi ine. Lembani choncho."

"Bambo," ndinatero, "manja anu sagwira ngakhale kapu ya khofi osataya. Sipanala munaigwira liti?"

"Lembani, a Sajeni. Mwanayu chisoni chamusokoneza mutu."

"A Quirino, pali mboni yoti Altamiro anali pabwalo."

"Kukankha njinga ya mlamu wako ndi mlandu? Anakankha osadziwa kanthu. Ananama za kufamu chifukwa cha mantha. Wolakwa ndi uyu wavomera pamaso panu. Mukufunanso wina wa chiyani?"

Apo m'pamene ndinazindikira. Loweruka ndi tsiku limene bambo ankabweretsa mafuta kugalaja.

"Munamupeza Altamiro," ndinatero. "Munatsegula chitseko n'kumupeza injini ili pansi."

Sanakane.

"Munadziwa Loweruka. Lamulungu m'mawa munadutsa kwathu popita ku Misa yoyamba, Evaristo akupukuta njinga pakhonde, tayi ali m'khosi. Munamwa khofi wanga. Munamuona."

"Mnyamatayo anandilonjeza kuti abwezera," anatero motsitsa mawu. "Ndinati ndikalankhula, mlamu wake amuthamangitsa, abwerera kumowa. Ndinati Mulungu aona."

"Mulungu anaonadi. Ndipo nditabwera kuno kudzakulonjezani kuti basi simukwera, munangondisiya ndizizungulira tauni ngati galu wotayika."

"Ndinakuuza kuti upite kunyumba."

Sajeni anali atagwira cholembera m'mwamba, akuyang'ana ine, akuyang'ana iwo.

"Madala, mukasaina izi, ine manja anga amangika. Woweruza akakhulupirira pakamwa panu, osati bokosi la nsapato. Pa msinkhu wanuwu mukafera komweko."

"Ndikudziwa kuwerenga zaka zanga."

Ndinagwada pamaso pawo, ine Zulmira amene sindigwadira munthu.

"Bambo, ndataya mwamuna. Ndapereka mlongo wanga ndi dzanja langa kuti inu mutuluke. Musandichite zimenezi."

Anandiyang'ana tsono, koyamba chiwamangireni. M'maso mwawo munalibe manyazi. Munali mkwiyo.

"Ndani anakutuma? Evaristo wapita, sabwerera ngakhale umange tauni yonse. Chibale n'fupa, sichiola. Mwana wamwamuna ndili naye mmodzi."

"Nanga ine ndine mwana wa yani?"

Anatembenukira kwa Sajeni n'kutambasula dzanja lonjenjemeralo.

"Ndipatseni cholembera. Ndipo mayiwa atulutseni, akundisokoneza."

Msilikali anandigwira pachigongono mwaulemu. Ndili pakhomo ndinamva bambo akufunsa Sajeni ngati basi ya ku São Paulo yadutsa kale.